Anthu a Zilankhulo Zambiri Amene Anasankha Dzina Limodzi

Kumapeto kwa Ogasiti m'chaka cha 2001, mumzinda wa Durban ku South Africa munadzaza alendo ochokera kumbali zonse za dziko lapansi. Bungwe la United Nations linali litaitanitsa msonkhano waukulu wokambirana za tsankho, ndipo unachitika kuyambira pa 31 Ogasiti mpaka pa 8 Seputembala. M'kati mwa holo munali atsogoleri a mayiko ndi nduna zawo. Kunja, m'misewu, kunali piringupiringu wa anthu wamba atanyamula zikwangwani. Pakati pawo panali gulu la amayi ndi abambo ochokera ku India ndi ku Nepal, akuimba ng'oma mwamphamvu moti aliyense wodutsa ankatembenuka.

Anthu amenewa sanali a mudzi umodzi kapena a chilankhulo chimodzi. Wina kwawo ankalankhula Chitamil, wina Chitelugu, wina Chimarathi, wina Chihindi, wina Chinepali. Ena anali Ahindu, ena Abuda, ena Akhristu. Kukanakhala kopanda womasulira, ambiri a iwo sakanatha ngakhale kufunsana za kumudzi. Koma ukanafunsa aliyense kuti, "Inu ndinu ndani?" yankho linali limodzi: "Ndife a Dalit."

Ana inu, zimatheka bwanji kuti anthu osiyana chonchi anene kuti "ife"? Nanga anapitiranji kutali chotere kukanena zimenezi? Tiyeni tiyambire kwawo.

Kubadwira pamalo amene sungachokepo

Kwa zaka zambirimbiri, anthu a ku India akhala akugawidwa m'magulu obadwa nawo. Dongosolo limeneli limatchedwa caste. Mabuku akale a Chihindu amatchula magulu anayi akuluakulu. Pamwamba pali a Brahmin, ansembe ndi aphunzitsi. Kenako a Kshatriya, mafumu ndi asilikali. Kenako a Vaishya, amalonda. Pansi pali a Shudra, antchito. M'moyo wa tsiku ndi tsiku magulu amenewa amagawikanso m'timagulu masauzande totchedwa jati, ndipo kagulu kalikonse kanali ndi ntchito yake. Mwana ankatenga gulu la makolo ake, ndipo ankayenera kudzakwatira kapena kukwatiwa m'gulu lomwelo.

Ndiye panali anthu ena amene sankawerengedwa n'komwe m'magulu anayiwo. Iwowa ndi amene ankasenda ng'ombe zakufa, kufufuta zikopa, kusesa m'misewu, kutentha mitembo ndi kutapa zimbudzi. Ntchito zonsezi n'zofunika, mudzi sungakhale popanda izo. Koma anthu ozigwira ankanenedwa kuti ndi odetsedwa chibadwire, moti kungowakhudza kokha kunkati kudetsa munthu. Ankamanga nyumba zawo kunja kwa mudzi. Sankaloledwa kutunga pachitsime chimene ena ankatungapo, kapena kulowa m'kachisi. M'malo ena ogulitsira tiyi ankawasungira makapu awoawo, ndipo akamaliza kumwa ankatsuka okha.

Mnyamata wina wotchedwa Bhimrao anabadwira m'gulu lotere pa 14 Epulo 1891. Gulu lake linali la a Mahar, la kumadzulo kwa India. Bambo ake anali msilikali ndipo anaonetsetsa kuti ana awo apite kusukulu. Koma kusukuluko Bhimrao sankakhala pamodzi ndi anzake. Ankakhala payekha pachiguduli chimene ankachokera nacho kunyumba n'kubwerera nacho, chifukwa wosesa m'kalasi sankafuna kuchigwira. Akamva ludzu sankaloledwa kugwira mpopi kapena chikho. Ankadikira mthenga wa pasukulupo kuti amuthirire madzi ali chapatali. Tsiku limene mthengayo sanabwere, mwanayo ankaweruka kukhosi kuli gwa.

Taganizirani mwana wa msinkhu wanu, dzuwa likuswa mtengo, madzi akuwaona ndi maso koma sangamwe. Sanabe, sanatukwane, sanamenye munthu. Mlandu wake unali banja limene anabadwiramo. Ine ndikamawerenga zimenezi mtima umandipweteka, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso ukukupwetekani.

Mnyamatayo anakula n'kukhala Dr. B. R. Ambedkar. Mfumu ya ku Baroda inamulipirira sukulu, ndipo mu 1913 anapita kukaphunzira ku Columbia University mumzinda wa New York. Pambuyo pake anaphunziranso zachuma ndi zamalamulo ku London. Atabwerera kwawo anali mmodzi mwa anthu ophunzira kwambiri m'dziko lonselo, komabe anthu ena ankakana kumupatsa malo ogona. Iye anayerekeza dongosolo la caste ndi nyumba yosanja yopanda makwerero: chipinda chimene wabadwiramo ndi chimene udzaferamo.

Mu Malichi 1927, Ambedkar anatsogolera anthu masauzande kupita kudziwe lotchedwa Chavdar m'tauni ya Mahad. Khonsolo inali itanena kale kuti dziwelo ndi la aliyense, koma anthu a magulu osalidwa ankaopabe kufikapo. Tsiku limenelo anayenda mwamtendere, Ambedkar anawerama n'kumwa, enawo n'kumwanso. Madzulo ake ena a iwo anamenyedwa, ndipo anthu a magulu apamwamba anachita mwambo woti "ayeretse" dziwelo. Nkhani inapita kukhoti ndipo inatenga zaka khumi. Mu 1937 khoti lalikulu la ku Bombay linagamula kuti anthuwo ali ndi ufulu wotunga pamenepo.

Dziko la India litalandira ufulu wodzilamulira mu 1947, Ambedkar anakhala nduna yoyamba ya zamalamulo komanso wapampando wa komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko. Malamulowo anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ndipo gawo 17 linathetsa mchitidwe wosala anthu ngati osayenera kukhudzidwa. Boma linayambanso kusungira anthu amenewa malo m'sukulu zaukachenjede, m'ntchito zaboma ndi m'nyumba ya malamulo. Koma lamulo limalembedwa tsiku limodzi, pomwe chizolowezi cha zaka zikwi sichitha msanga. Ambedkar anafika potopa nazo. Pa 14 Okutobala 1956, mumzinda wa Nagpur, iye ndi khamu la anthu mazana a masauzande anasiya Chihindu n'kulowa Chibuda. Anamwalira pa 6 Disembala chaka chomwecho.

Dzina lopatsidwa ndi dzina lodzisankhira

Apa mpofunika kumvetsera bwino. Kalelo anthu osalidwawa sankadziona ngati mtundu umodzi. A Mahar anali a Mahar. A Chamar, ogwira ntchito ya zikopa kumpoto, anali a Chamar. A Paraiyar a ku Tamil Nadu, a Mala ndi a Madiga a kudera la Chitelugu, a Valmiki osesa m'matauni, aliyense anali ndi miyambo yake. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena a iwo ankasalananso okhaokha. Wofufuta zikopa ankatha kudziona wapamwamba kuposa wotapa zimbudzi. Dongosolo la caste limalimba chifukwa cha zimenezi: pafupifupi aliyense amakhala ndi wina womuyang'anira pansi, choncho n'kovuta kuti oponderezedwa agwirane manja.

Mayina owaphatikiza onse analipo, koma anali opatsidwa ndi ena. Boma la atsamunda a ku Britain linawalemba pamndandanda mu 1936 pansi pa dzina lakuti Scheduled Castes, dzina limene boma la India likugwiritsabe ntchito. Mahatma Gandhi ankawatcha Harijan, kutanthauza anthu a Mulungu. Iye ankafuna kuwalemekeza, koma ambiri analikana dzinalo. Ankati likumveka ngati la anthu ongoyenera kumveredwa chisoni, ndipo silinena chilichonse za amene akuwapondereza.

Dzina limene anasankha okha ndi Dalit. Limatanthauza wophwanyidwa kapena woponderezedwa. Mwina mukudabwa kuti munthu angasankhirenji dzina lowawa chonchi. Chifukwa chake n'chakuti dzinali limanena zoona. Chinthu chophwanyika chimakhala kuti wina wachiphwanya. Dzinali likunena kuti, "Ife sitinabadwe odetsedwa. Pali amene anatichita zimenezi, ndipo zimene anthu anachita, anthu angathenso kuzisintha." Mahar, Madiga ndi Valmiki onse akanatha kulowa pansi pa dzina limeneli popanda wina kutaya dzina la kwawo.

Linafala kwambiri kuyambira mu 1972, pamene achinyamata olemba ndakatulo ndi nkhani mumzinda wa Bombay, umene lero ndi Mumbai, anayambitsa gulu la Dalit Panthers. Ena mwa iwo anali Namdeo Dhasal, J. V. Pawar ndi Raja Dhale. Dzina la gulu lawo analitengera ku Black Panther Party, gulu la anthu akuda a ku America limene linayamba mu 1966. Mukuona? Chiyambire, a Dalit ankasuzumira kutsidya kwa nyanja kufunafuna anthu a mavuto ofanana ndi awo.

Ndipotu kusuzumirako kunayamba kale kwambiri. Jyotirao Phule, amene pamodzi ndi mkazi wake Savitribai anatsegula sukulu ya atsikana ku Pune mu 1848, analemba buku lonena za ukapolo wa caste mu 1873 n'kulipereka kwa anthu a ku America amene anamenyera kuti akapolo amasulidwe. Mu 1946 Ambedkar analembera kalata W. E. B. Du Bois, mtsogoleri wa anthu akuda a ku America. Anamva kuti anthu akudawo apereka dandaulo lawo ku United Nations, ndiye anapempha kuti amutumizire chikalatacho, chifukwa anthu akenso ankaganiza zochita chimodzimodzi. Du Bois anayankha. Zinatenga zaka zoposa makumi asanu kuti ganizo limeneli lifike pochitika mwamphamvu.

Ulendo wa ku Durban

Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti ku India kuli anthu pafupifupi 201 miliyoni a magulu a Scheduled Castes, kutanthauza munthu mmodzi pa asanu ndi mmodzi alionse. Ndi anthu ochuluka kuposa a ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa mutawaphatikiza. Komabe mpaka cha m'ma 1990, anthu ambiri akunja sankadziwa za iwo. Mabungwe akuluakulu oona za ufulu wachibadwidwe ankalankhula za akaidi a ndale ndi za tsankho la ku South Africa, koma za caste ankangoti ndi chikhalidwe cha eniake.

A Dalit anaona kuti malamulo abwino alipo, kuphatikizapo la mu 1989 lolanga anthu owachitira nkhanza, koma apolisi ndi makhoti kawirikawiri ankazengereza. Anaganiza kuti boma likadziwa kuti dziko lonse likuyang'ana, lidzachita manyazi n'kufulumira. Mu 1998 anapanga bungwe la National Campaign on Dalit Human Rights, lophatikiza timagulu tambiri ta m'madera osiyanasiyana. Mu 1999 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lotchedwa Broken People, limene linawerengedwa m'mayiko ambiri. Mu 2000 kunabadwa International Dalit Solidarity Network, imene ofesi yake ili ku Copenhagen m'dziko la Denmark. Mawu amene ankayenda nawo anali achidule, oti mwana aliyense angawasunge: ufulu wa a Dalit ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu.

Mawu amenewa anali anzeru. Munthu wa ku Norway kapena ku Brazil sangamvetse msanga kusiyana kwa Mahar ndi Madiga. Koma amamvetsa kuti mwana aliyense ayenera kumwa madzi, kuphunzira ndi kukhala wotetezeka. A Dalit anatenga nkhani ya m'midzi yawo n'kuifotokoza m'njira imene dziko lonse linali litagwirizana kale kuti ndi yoona.

Atamva za msonkhano wa ku Durban anati mwayi ndi umenewu. Anapempha kuti chikalata chomaliza cha msonkhanowo chitchule tsankho la caste. Boma la India linakana kwamtuwagalu. Linapereka zifukwa ziwiri. Choyamba, msonkhanowo unali wa tsankho la mtundu ndi khungu, pomwe Dalit ndi Brahmin angathe kukhala a khungu lofanana ndi chilankhulo chimodzi. Chachiwiri, linati nkhaniyi ndi ya m'nyumba, ndipo India ili kale ndi malamulo ake oikonzera.

Chifukwa choyambacho si chopanda pake. Ngakhale Ambedkar yemwe analemba kuti caste si kusiyana kwa mitundu ya anthu. Koma a Dalit anali ndi yankho. Pangano la United Nations lothetsa tsankho, la mu 1965, silinena za khungu lokha. Limatchulanso tsankho lotengera mzere wa makolo amene munthu anabadwiramo, ndipo dziko limene linapempha kuti mawu amenewo alowemo linali India yemwe. Mu 1996 komiti yoyang'anira panganoli inanena kuti a Dalit akukhudzidwa ndi mawuwo.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ine sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono. Mu 1946 dziko la India linachita chinthu cholimba mtima: linapita ku United Nations kukadandaula za momwe boma la azungu ku South Africa linkazunzira amwenye okhala kumeneko. Boma la South Africa linayankha kuti imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba mwake. India sinavomere, ndipo kwa zaka zambiri inakhala patsogolo polimbana ndi tsankho la apartheid. Ife a kuno kummwera kwa Africa tili ndi chifukwa choyamikira zimenezo. Ndiye a Dalit atafika ku Durban, m'dziko lomwe lija, anali ndi ufulu wonse wofunsa kuti: ngati kulira kwa anthu a ku South Africa kunayenera kumveka kunja, kwathu kulekerenji?

Ng'oma zimene ankaimba zija zinalinso ndi mbiri yake. Kummwera kwa India kuli ng'oma yotchedwa parai, ndi ina yotchedwa dappu. Popeza ndi zachikopa, kuziimba inali ntchito yokakamizidwa kwa a Dalit, makamaka pamaliro a anthu a magulu apamwamba, ndipo anthu ankazinyoza. Achinyamata a Dalit anazitenga n'kuyamba kuziimba mwa kufuna kwawo, pazionetsero ndi pazikondwerero, mitu ili m'mwamba.

Kodi anapambana? M'holo muja ayi. Ndime imene inkanena za tsankho lotengera ntchito ndi mzere wa makolo inachotsedwa, ndipo chikalata cha maboma sichinatchule caste. Koma msonkhano wa mabungwe omwe si aboma, umene unkachitika chapafupi, unaitchula momveka bwino. Atolankhani a mayiko ambiri analemba za a Dalit. Ndipo chaka chotsatira, mu 2002, komiti ija inatulutsa malangizo ake a nambala 29, onena kuti tsankho la caste ndi lina lofanana nalo likuletsedwa ndi pangano la mu 1965.

Abale amene sankadziwana

Paulendo umenewu a Dalit anapeza chinthu chimene ambiri a iwo sankachiyembekezera. Sanali okha.

Ku Japan kuli anthu otchedwa Burakumin. Amaoneka ngati Mjapani wina aliyense, amalankhula Chijapani, amadya zakudya zomwezo. Koma makolo awo akale ankapha nyama ndi kukonza zikopa, ndipo ankakhala m'midzi yapadera. Boma linathetsa kusiyanitsako mu 1871, koma anthu sanasiye. Mu 1922 a Burakumin anapanga gulu lawo lotchedwa Suiheisha mumzinda wa Kyoto. Mu 1975 zinaululika kuti makampani ena ankagula mwachinsinsi mabuku a mayina a midzi imeneyi, kuti wofunsira ntchito akatchula kwawo amukane.

Ku Nepal kuli a Dalit ambiri, ndipo dzikolo linakhazikitsa lamulo lolanga tsankho la caste mu 2011. Aliponso ku Pakistan, Bangladesh ndi Sri Lanka. Ku Yemen kuli anthu amene amadzitcha Muhamasheen, ambiri a iwo osesa m'misewu. Kuno ku Africa nakonso zilipo. Pakati pa a Igbo ku Nigeria pali anthu otchedwa Osu, amene makolo awo anaperekedwa kwa milungu, ndipo mabanja ena amakana kukwatirana nawo ngakhale lamulo linaletsa zimenezi mu 1956. Mukadzakula mudzawerenge buku la Chinua Achebe lotchedwa No Longer at Ease, la mu 1960, momwe mnyamata akuletsedwa kukwatira mtsikana amene amamukonda chifukwa ndi Osu. M'mayiko ena a kumadzulo kwa Africa, monga Senegal ndi Mali, mabanja a osula zitsulo ndi oimba zotamanda mafumu amaonedwanso mosiyana. Mabungwe oona za nkhaniyi amati padziko lonse anthu okhudzidwa ndi pafupifupi 260 miliyoni.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti a Dalit sanakakamize anthu onsewa kutenga dzina lawo. Burakumin anakhalabe Burakumin. M'malo mwake anagwirizana pa mawu ofotokoza vuto lenilenilo: kusalidwa chifukwa cha ntchito ya makolo ndi banja limene unabadwiramo. Pansi pa mawu amenewa Mjapani, Mnepali ndi Msenegal ankatha kukhala pabenchi imodzi ku Geneva, kumene kuli maofesi a United Nations oona za ufulu wa anthu. Zinathandizanso pamkangano uja, chifukwa tsopano panalibe amene akanati nkhaniyi ndi yonyoza dziko limodzi kapena chipembedzo chimodzi.

Kodi "ife" akakula, aliyense amamveka?

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona. Koma ndikanakunamizani ndikanati anthu akangotenga dzina limodzi ndiye kuti zonse zayera. Gulu likamakula, mawu a ena amamira.

Amayi ndi amene anayamba kudandaula. Mayi wa Dalit amasalidwa chifukwa cha caste, amavutika ndi umphawi, ndipo nthawi zina amazunzidwa ndi mwamuna wa m'nyumba mwake momwe. M'misonkhano ya a Dalit olankhula ambiri anali abambo, ndipo m'misonkhano ya amayi olankhula ambiri anali a magulu apamwamba. Choncho mu 1995 Ruth Manorama ndi anzake anayambitsa National Federation of Dalit Women, kuti amayiwo azidzilankhulira okha. Ku Nepal, Durga Sob anali atayambitsa kale bungwe la amayi a Dalit mu 1994.

Palinso nkhani ya magulu aang'ono. A Madiga anadandaula kwa zaka zambiri kuti malo a sukulu ndi ntchito osungidwira a Dalit akutengedwa kwambiri ndi a Mala, amene anayamba sukulu msanga. Mu Ogasiti 2024 khoti lalikulu kwambiri la India linalola kuti zigawo za dzikolo zizigawa malowo poganizira magulu otsalira kwambiri. A Dalit ena anakondwa, ena anaopa kuti zimenezi ziwagawanitsa. A Dalit achikhristu ndi achisilamu nawonso ali ndi dandaulo lawo: boma siliwawerengera pamndandanda uja, ngakhale kumudzi amasalidwa chimodzimodzi.

Ndiye pali funso lina lovuta. Amene amakwera ndege kupita ku Geneva kawirikawiri ndi ophunzira, odziwa Chingerezi. Nanga mayi amene amadzuka m'bandakucha kukatapa zimbudzi za eni ndi tsache ndi dengu, mawu ake amafika? Ntchito imeneyi inaletsedwa ndi lamulo mu 1993 komanso mu 2013, koma sinatheretu, ndipo chaka ndi chaka amuna amafa ndi mpweya woipa akalowa m'ngalande za zonyansa popanda zodzitetezera. Bezwada Wilson, amene makolo ake ankagwira ntchito yomweyi, anathandiza kuyambitsa gulu la Safai Karmachari Andolan. Gululi linayenda m'matauni ndi m'midzi, ndipo amayi ambiri anatentha madengu awo poyera n'kulumbira kuti sadzawasenzanso. Kwa ine, kulankhula ku Geneva kuli ndi phindu pokhapokha ngati kukuthandiza amayi ngati amenewa. Atsogoleri abwino a Dalit amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayesetsa kutenga anthu a kumudzi kuti akadzifotokozere okha.

Chimene chimawalumikiza ngakhale akutsutsana n'chiyani? China ndi chikumbukiro cha Ambedkar, amene amamutcha mwaulemu Babasaheb. M'midzi yambiri ya ku India mudzapeza chiboliboli chake: bambo wovala suti ya buluu ndi magalasi, dzanja lina litanyamula buku la malamulo, lina likuloza kutsogolo. Mbendera zawo zambiri ndi za buluu. Akakumana amapatsana moni woti "Jai Bhim", wotamanda Bhimrao, mnyamata wa pachiguduli uja. Mtamil ndi Mpunjabi amene sangamvane chilichonse amamvana pa mawu awiri amenewa. Tsiku lake lobadwa limakondwereredwa ku Mumbai, ku London, ku Toronto ndi kwina, ndipo mu 2016 linakumbukiridwa koyamba kulikulu la United Nations ku New York. Nyumba imene ankakhala ali wophunzira ku London inagulidwa mu 2015 ndi boma la chigawo cha Maharashtra kuti anthu azikaiona.

Zinthu zina zasinthadi. India yakhala ndi apulezidenti awiri ochokera m'magulu a Dalit, K. R. Narayanan kuyambira 1997 mpaka 2002 ndi Ram Nath Kovind kuyambira 2017 mpaka 2022. Pali madokotala, maloya, aphunzitsi ndi olemba mabuku ambiri a Dalit. Koma anthu akamasamukira kunja, caste imawatsatira m'masutikesi, moti a Dalit a ku Britain ndi ku America akhala akudandaula za kusalidwa kuntchito ndi anzawo ochokera kwawo komweko. Mu Febuluwale 2023 mzinda wa Seattle unakhala woyamba ku America kuletsa tsankho la caste m'malamulo ake. Chaka chomwecho aphungu a ku California anavomereza lamulo lofanana nalo, koma bwanamkubwa anakana kulisainira, ponena kuti malamulo omwe alipo ndi okwanira.

Ku United Nations nako ulendo unali wapang'onopang'ono. Bungwe la ku Copenhagen lija linapempha chilolezo choti lizilankhula m'misonkhano m'dzina lakelake. Pempholo linkangobwezedwa ndi mafunso, oposa zana limodzi, kwa zaka pafupifupi 15. Chilolezocho chinaperekedwa mu Disembala 2022.

Tsopano ntchito ndi yanu. Pemphani aphunzitsi mapu a dziko lapansi, mupeze Mumbai, Kathmandu, Kyoto, Geneva ndi Durban, muone kutalikirana kwake. Kenako yang'anani m'kalasi mwanu momwe. Ngati muli mwana amene anzake amakana kukhala naye pabenchi kapena kudya naye chifukwa cha ntchito ya makolo ake, mtundu wake kapena khungu lake, mawa mukakhale naye inuyo, ndipo mukawauze aphunzitsi zimene zikuchitika.